Mmene patch yolondola ingawonongere mafayilo: kumanga ndi kuyesa kernel ya Linux pa nkhani yosunga deta

Pa 9 Disembala 2023, anthu amene amasamalira Debian, umodzi mwa mitundu yakale kwambiri ya Linux, anaimitsa mwadzidzidzi kutulutsa mtundu wa 12.3 umene unali utakonzedwa kale, ndipo anachenjeza ogwiritsa ntchito kuti asaike kernel yatsopano imene inali itangofika m'nkhokwe zawo. Kernel imeneyo, ya nambala 6.1.64, inkatha kuwononga mafayilo osungidwa pa ext4, dongosolo losanjira mafayilo padisiki lofala kwambiri pa Linux, popanda kusonyeza chizindikiro chilichonse. Chimene chimachititsa nkhaniyi kukhala yoyenera kuiphunzira n'chakuti patch imene inayambitsa vutoli inalembedwa ndi cholinga choteteza deta, inalembedwa ndi munthu wodziwa bwino ntchito yake, ndipo mu kernel imene iye anailembera inali yolondola.

Kernel ndiye phata la pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, gawo limene limalankhula mwachindunji ndi memory, disiki ndi zipangizo zina zonse. Patch ndi kusintha kolembedwa bwino kosonyeza mizere imene ichotsedwe ndi imene iwonjezedwe m'malemba a kernel, ndipo tanthauzo la dzinali silisiyana ndi chigamba chimene telala amasoka pa malaya. Ma patch ambiri akalakwika, kompyuta imazima, imauma kapena imakana kuyaka, ndipo ngakhale zimenezi n'zokwiyitsa, vutolo limadziulula lokha tsiku lomwelo. Patch yokhudza kusunga deta ikalakwika, nthawi zambiri kompyuta imapitiriza kugwira ntchito ngati palibe chachitika. Fayilo yowonongeka imakopedwa usiku uliwonse kupita kosungira kwachiwiri, kope labwino limalowedwa m'malo ndi loipa, ndipo mwini wake amadzazindikira patapita miyezi, pamene palibenso pobwerera. Ndiye chifukwa chake kunena kuti patch yamangika ndipo kompyuta yayaka si umboni wa chilichonse pa mbali imeneyi ya kernel.

Chimene chikutetezedwa

Disiki nayonso imanama, ngakhale si kawirikawiri. Kafukufuku amene akatswiri a yunivesite ya Wisconsin-Madison anachita mogwirizana ndi kampani ya NetApp, amene anafalitsidwa mu 2008, anaunika madisiki okwana 1.53 miliyoni kwa miyezi 41 ndipo anapeza maulendo oposa 400,000 amene deta yowerengedwa sinagwirizane ndi checksum yake. Checksum ndi nambala yaifupi yowerengetseredwa kuchokera ku deta yonse, yakuti kadontho kamodzi kokha kakasintha mu detayo, nambalayo imasinthanso. Disiki iliyonse ili kale ndi njira yakeyake yodziwira ngati zimene inalemba zafufutika, koma njira imeneyo siingathandize pamene deta inafika kudisiki itawonongeka kale m'njira, kapena pamene deta yabwinobwino yalembedwa pamalo olakwika.

Pofuna kutseka mpata umenewu, komiti ya T10 imene imakhazikitsa malamulo a SCSI, njira imene kompyuta imalankhulirana ndi madisiki, inakonza zoti sector iliyonse, kachigawo ka ma byte 512 kamene disiki imalemba nthawi imodzi, iziyenda ndi ma byte ena 8, kotero kuti sector imakhala ya ma byte 520. Ma byte awiri oyamba amatchedwa guard tag ndipo amasunga CRC, mtundu wa checksum, ya ma bit 16 ya detayo. Awiri otsatira ndi application tag, amene anasiyidwa kuti pulogalamu ya pamwamba iwagwiritse ntchito mmene ifunira. Anayi omaliza ndi reference tag, ndipo mu mtundu woyamba wa chitetezochi amasunga ma bit 32 a m'munsi a nambala ya sector imene detayo ikuyenera kukakhala. Guard tag imagwira deta yosinthika, pamene reference tag imagwira deta yosochera, yonga kalata yolembedwa bwino koma yoponyedwa m'bokosi la munthu wina. Dongosolo limeneli linkatchedwa DIF, ndipo linkateteza ulendo wa pakati pa khadi lolumikizira madisiki ndi disikiyo. Martin K. Petersen wa ku Oracle anatsogolera ntchito yolitalikitsa kuti liyambire mu memory ya kompyuta, pansi pa dzina lakuti DIX, ndipo ntchitoyi inalowa mu Linux 2.6.27 mu 2008. Madisiki a NVMe, mtundu watsopano wa madisiki othamanga, anatengera dongosolo lomweli, kenako anawonjezera mtundu wa ma byte 16 wokhala ndi CRC ya ma bit 64, umene Linux inayamba kuuzindikira mu 5.18 m'chaka cha 2022.

Pamwamba pa zimenezi pali chitetezo cha dongosolo losanjira mafayilo. Btrfs imawerengetsera checksum ya deta yeniyeniyo komanso ya zolembera zake, pamene ext4 ndi XFS zimateteza zolembera zokha, kutanthauza mndandanda wosonyeza kumene fayilo iliyonse ili, osati za m'kati mwa fayiloyo. Amene akufuna chitetezo chonga cha T10 pa disiki wamba angagwiritse ntchito dm-integrity, imene inalowa mu Linux 4.12.

Pamene ma patch amapunthwira kwambiri ndi paulendo wa pakati. Pempho lolemba deta, limene mu kernel limanyamulidwa ndi chinthu chotchedwa bio, silifika kudisiki monga mmene linanyamukira. Lingagawidwe pawiri chifukwa ndi lalikulu kuposa mmene chipangizo chingalandirire, lingaphatikizidwe ndi loyandikana nalo, ndipo nambala yake ya sector imasintha pamene likudutsa pa partition (chigawo cha disiki), pa device mapper (gawo la kernel lopanga madisiki ongoyerekezera pamwamba pa enieni) kapena pa RAID (madisiki angapo ogwira ntchito ngati imodzi). Pa kusintha kulikonse, ma byte otetezera ayenera kugawidwa pamalo ofanana ndendende ndi pamene deta yagawidwira, ndipo reference tag iyenera kuwerengetseredwanso kuti igwirizane ndi sector yeniyeni ya padisiki. Wolemba patch akaiwala kusuntha kauntala imodzi pogawa bio, disiki imakana deta yabwino, kapena, choipa kwambiri, imalandira deta yolakwika.

Kumanga

Kumanga kernel ndiko kusandutsa malemba ake kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse, ndipo ntchitoyi imachitidwa ndi compiler, kaya GCC kapena Clang. Vuto n'lakuti kernel si imodzi. Ili ndi zosankha masauzande ambiri, ndipo kusankha kulikonse kumatulutsa kernel yosiyana. Chitetezo cha T10 chimayatsidwa ndi chosankha chotchedwa CONFIG_BLK_DEV_INTEGRITY, ndipo chikazimitsidwa, mbali zina za malemba sizimangidwa n'komwe. Cholakwa chofala kwambiri pa ma patch a mbali imeneyi n'chakuti wolemba, amene pakompyuta pake chosankhachi n'choyatsa nthawi zonse, amaitana function, kachigawo ka malemba kochita ntchito imodzi, imene kulibe pamene chazimitsidwa, ndipo kernel imakanika kumangika kwa anthu ena onse amene sachifuna. Pa chifukwa chimenechi womanga wosamala amamanga ndi allmodconfig, imene imayatsa pafupifupi chilichonse, ndi allnoconfig, imene imazimitsa pafupifupi chilichonse, kenako ndi randconfig maulendo angapo, imene imasankha mwachisawawa ndipo imatulukira zophatikiza zimene munthu sakanaziganizira.

Mtundu wa purosesa nawonso uli ndi gawo lalikulu. Malamulo a T10 amafuna kuti manambala a m'ma tag alembedwe moyambira ndi byte yaikulu, pamene mapurosesa a x86 ndi ambiri a Arm amasunga manambala moyambira ndi byte yaing'ono. Makina a s390 a IBM amayambira ndi yaikulu. Patch imene yaiwala kutembenuza nambala, kapena yaitembenuza pamene sipafunika, ingaoneke yolondola pa purosesa imodzi n'kukhala yolakwika pa inzake, ndipo disiki yolembedwa pamakina amodzi siiwerengeka pa ena. Compiler payokha siiona cholakwa chimenechi, chifukwa kwa iyo nambala ndi nambala basi. Chida chotchedwa sparse, chimene Linus Torvalds anachiyambitsa mu 2003 ndipo chimayendetsedwa ndi lamulo lakuti make C=1, ndicho chimasiyanitsa nambala yolembedwa kuti __be16 ndi nambala wamba n'kuchenjeza zikasakanizidwa. Kumangira makina a ma bit 32 nako kumaulula zolakwa za mtundu wina, makamaka pamene nambala ya sector, imene ndi ya ma bit 64, yaikidwa m'malo aang'ono n'kudukira kumtunda, vuto limene limangooneka pa madisiki aakulu.

Pali lamulo lina limene oyamba kumene amaliona ngati lovutitsa chabe, lakuti pamndandanda wa ma patch khumi, kernel iyenera kumangika ndi kugwira ntchito pambuyo pa patch iliyonse, osati pa yomaliza yokha. Chifukwa chake ndi git bisect, njira yofufuzira imene imadula mbiri ya kusintha pakati mobwerezabwereza mpaka kupeza patch imene inabweretsa vuto. Pa ma patch 10,000, njirayi imafuna kumanga ndi kuyesa pafupifupi maulendo 14 okha, koma ikagwera pa patch yosamangika imasokonekera pamalo amene wofufuza akuifunitsitsa. Zambiri mwa zoyesa zimenezi zimachitidwanso ndi makina a kampani ya Intel otchedwa kernel test robot kapena 0-day, amene amatenga ma patch atsopano, kuwamanga pa mapurosesa ndi zosankha zosiyanasiyana, n'kudziwitsa wolemba pamene china chasweka. Makinawa ndi othandiza kwambiri, koma uthenga wawo wakuti zonse zamangika umangotanthauza kuti compiler sinadandaule.

Kuyesa mwa kuwononga mwadala

Chida chachikulu choyesera madongosolo a mafayilo ndi fstests, chimene ambiri amachitchulabe ndi dzina lake lakale lakuti xfstests chifukwa chinayambira ku kampani ya SGI ngati mayeso a XFS. Lero chili ndi mayeso opitirira chikwi, ena ogwira pa dongosolo lililonse, ena a ext4, XFS kapena Btrfs okha. Mwa mapulogalamu ake, fsx ndiyo imasonyeza bwino nzeru ya ntchito yonseyi. Imalemba, kudula, kutalikitsa ndi kuboola fayilo imodzi mwachisawawa maulendo ambirimbiri, uku ikusunga mu memory chithunzi cha mmene fayiloyo ikuyenera kukhalira, ndipo ikawerenga byte imodzi yosiyana ndi chithunzicho imaima n'kusonyeza mndandanda wa zimene inachita. Inzake, fsstress, imatulutsa ntchito zambiri nthawi imodzi zolimbirana mafayilo ndi mafoda omwewo. Pansi pa mafayilo, pa gawo limene limayendetsa mapempho opita kudisiki, pali blktests, imene Omar Sandoval anaiyambitsa mu 2017. Theodore Ts'o, amene amasamalira ext4, anakonza kvm-xfstests kuti munthu athe kuyendetsa mayeso onsewa m'makina ongoyerekezera popanda kuika pachiswe disiki yake yeniyeni.

Madisiki okhala ndi chitetezo cha T10 ndi odula ndipo olemba ma patch ambiri alibe, choncho kernel ili ndi disiki yongopeka yotchedwa scsi_debug, imene imakhala mu memory ndipo ikayatsidwa ndi dif=1 ndi dix=1 imafufuza ma tag monga mmene disiki yeniyeni ingachitire. QEMU, pulogalamu yoyerekezera kompyuta yonse, nayo imatha kuyerekezera disiki ya NVMe yokhala ndi ma byte otetezera. Ndi zida zimenezi woyesa amatsimikiza zinthu ziwiri, ndipo chachiwiri ndicho chimaiwalika kawirikawiri. Choyamba n'chakuti deta yabwino ikudutsa. Chachiwiri n'chakuti deta yowonongedwa mwadala ikukanidwa ndithu, pakuti patch imene mwangozi yazimitsa kufufuza konse imakhoza mayeso onse a mtundu woyamba, ndipo imaoneka ngati yawonjezera liwiro.

Kuzima kwa magetsi ndiko mayeso ovuta kuposa onse, ndipo owerenga a ku Malawi ndi Zambia safunikira kuuzidwa kuti kumachitika pa nthawi imene munthu sakuyembekezera. Pulogalamu ikaitana fsync, lamulo lokankhira deta ya fayilo padisiki, n'kulandira yankho lakuti zatheka, kernel yalonjeza kuti deta ili padisiki ndipo ipulumuka ngakhale magetsi atazima pomwepo. Kuzula chingwe ndi dzanja kumangoyesa mphindi imodzi mwa mamiliyoni. Chida cha dm-flakey chimachita bwinoko, chifukwa chimatha kuuzidwa kuti kuyambira tsopano chitaye mwakachetechete zolembedwa zonse, zimene zimafanana ndi disiki imene yazimiridwa magetsi. Chida cha dm-log-writes, chimene Josef Bacik analemba ndipo chinalowa mu 4.1, chimapita patsogolo kwambiri: chimasunga mndandanda wa kulemba kulikonse ndi lamulo lililonse lokankhira deta padisiki motsatira ndondomeko yake, kotero kuti woyesa angabwezeretse disikiyo kufika pa mphindi ina iliyonse, kuyendetsa fsck, pulogalamu yofufuza zolakwika m'dongosolo la mafayilo, ndi kuona ngati lonjezo la fsync linasungidwa pa mphindi imeneyo. Ine ndimaona kuti patch yokhudza ndondomeko ya kulemba imene sinadutse pa chida chimenechi sinayesedwe n'komwe, ngakhale mayeso ena onse atakhoza.

Kulephera kwa disiki nako kuyenera kuyesedwa, osati pofuna kuona ngati kernel ipulumuka chabe, koma ngati uthenga wa kulepherako ukufika kwa pulogalamu imene inalemba. Mu 2018 olemba PostgreSQL, pulogalamu yosunga ndi kusanja deta yochuluka, anazindikira kuti fsync ikalephera ulendo woyamba, Linux inkatha kuika masamba a detayo m'gulu la olembedwa kale, kotero kuti fsync yachiwiri inkayankha kuti zonse zili bwino pamene deta sinafike padisiki. PostgreSQL inasintha khalidwe lake kuti izidzizimitsa yokha fsync ikalephera, n'kuyambiranso kuchokera m'kaundula wake. Palinso vuto la tsamba la memory limene pulogalamu ikulisintha pamene kernel yawerengetsera kale checksum koma chipangizo sichinalitenge, zimene zimachititsa disiki kukana deta yopanda vuto. Yankho lake, lotchedwa stable pages, limaletsa kusintha tsamba limene lili paulendo, koma limagwira pokhapokha chipangizo chitalengeza kuti chikulifuna, ndipo patch imene yataya chilengezo chimenecho pa device mapper kapena pa RAID imabweretsanso vutoli.

Mayeso onsewa amayendetsedwa pa kernel yomangidwa ndi zida zolondera monga KASAN, imene imagwira kugwiritsa ntchito memory yomasulidwa kale, ndi lockdep, imene imachenjeza za maloko amene angakolane. Amayendetsedwanso kawiri, pa kernel yopanda patch ndi pa yokhala nayo, chifukwa nthawi zonse pamakhala mayeso ena amene amalephera kale pa zifukwa zina, ndipo chofunika ndi kusiyana kwa zotsatira ziwirizo. Chosautsa n'chakuti mayeso ena amalephera kamodzi pa maulendo mazana angapo, kotero kuti kukhoza kamodzi sikusiyanitsa patch yabwino ndi mwayi.

Nkhani ziwiri zikusonyeza mmene vuto lingazembere mayeso onsewa. Chakumapeto kwa 2018 anthu ambiri anayamba kudandaula kuti ext4 ikuwononga mafayilo awo pa kernel ya 4.19, ndipo kwa milungu ingapo anthu ankaloza chala ext4, pamene osamalira ake ankalephera kubweretsa vutolo pamakina awo. Mlandu unapezeka kuti unali pansi, mu blk-mq, gawo loyendetsa mizere ya mapempho. Pa makina amene sankagwiritsa ntchito pulogalamu yosanja mapempho, kernel inkayesa kupereka pempho mwachindunji kwa driver, kapulogalamu koyendetsa chipangizocho. Driver wa SCSI ankakonzeratu mndandanda wa masamba a memory oti atumizidwe, koma chipangizo chikakhala chotanganidwa, pempholo linkabwezedwa pamzere, pomwe linkatha kuphatikizidwa ndi lina n'kukula. Potumizidwa kachiwiri, driver ankagwiritsa ntchito mndandanda wakale uja, wosagwirizananso ndi kukula kwa pempholo. Kuti vutoli lioneke pankafunika zinthu zingapo zikumane nthawi imodzi: blk-mq yoyatsidwa pa SCSI, kusakhalapo kwa pulogalamu yosanja, ndi disiki yotanganidwa pa mphindi yeniyeniyo. Jens Axboe, amene amasamalira gawoli, analikonza mu Disembala chaka chomwecho, atathandizidwa ndi anthu amene anapirira kuchita bisect pa vuto losaoneka ulendo uliwonse. Dzina la ext4 linadetsedwa makamaka chifukwa ndiyo inali pa makina ambiri, ndiponso chifukwa inkazindikira zolembera zake zowonongeka n'kudandaula.

Nkhani ya Debian ndi yosiyana, ndipo kwa ine ndi yoopsa kuposa imeneyi. Jan Kara wa ku SUSE analemba patch yokonza vuto lenileni mu ext4: pa kulemba kwachindunji kodumpha memory yosungirako kwakanthawi, pa fayilo yotsegulidwa ndi O_SYNC, chizindikiro chofuna kuti kulemba kulikonse kufike padisiki pomwepo, kukula kwatsopano kwa fayilo kunkatha kusafika padisiki pa nthawi yake, kotero kuti magetsi atazima deta ikanatayika. Patch yakeyo inadalira khalidwe la gawo lina lotchedwa iomap, limene linali litasinthidwa mu kernel ya 6.5 pa nkhani ya nthawi imene nambala yosonyeza pamene kulemba kwafika m'fayilo imasunthidwira patsogolo. Popeza inali patch yokonza vuto, inatengedwa kupita ku ma kernel akale amene amasamalidwa kwa zaka zambiri, kuphatikizapo 6.1 imene Debian 12 imagwiritsa ntchito, koma kusintha kwa iomap kuja sikunapite nawo limodzi. Patch inalowa bwinobwino m'malemba akalewo popanda kuwombana ndi mzere uliwonse, ndipo inamangika popanda chenjezo, chifukwa kudalirana kwa ma patch awiriwo sikunali m'mayina a ma function koma m'ndondomeko ya zochitika, imene compiler siiona. Zotsatira zake zinali zakuti pambuyo pa kulemba kwachindunji kotalikitsa fayilo, nambala ija inkatha kutsalira pamalo olakwika, ndipo kulemba kotsatira kunkagwera pamwamba pa deta imene inali italembedwa kale.

Mizere yakuti Fixes ndi Cc: stable imene olemba amaika kumapeto kwa patch imauza osamalira ma kernel akale kuti patch ikufunika kwa iwo, ndipo wolemba angathe kutchula pomwepo ma patch ena amene ayenera kutsogola, koma amangotchula amene iye akuwadziwa, pamene munthu wolembera kernel yatsopano alibe chifukwa chokumbukira mmene iomap inkachitira chaka chapitacho. Mayeso amene patch inakhoza mu kernel yatsopano sanena kanthu za kernel ya 6.1, ndipo ndicho chifukwa chake osamalira XFS anasankha kuti ma patch awo asamatengedwe okha kupita ku ma kernel akale, koma azidutsa kwa munthu wosankhidwa amene amayendetsa fstests pa kernel yakaleyo asanawavomereze. Njira imeneyi imachedwetsa ma patch ofunika ndipo imadya nthawi ya anthu ndi ya makina, koma mtengo wake ndi wodziwika pasadakhale. Vuto la ext4 linakonzedwa mu 6.1.66, ndipo pa 10 Disembala 2023 Debian inatulutsa 12.4 yokhala ndi kernel imeneyo m'malo mwa 12.3.